Tepi Yoimba Kamodzi Kokha

Ana anga, mwakhala mukundiumiriza kuti ndilembe za ntchito yanga, poti mukandifunsa pakamwa ndimangoti ndinali wojambula mawu, basi. Za ubwana wanga ndazisiya. Mwana wa msodzi wa ku Chipoka alibe mbiri yosiyana ndi ya anzake. Ndiyambira pomwe ndinalembedwa ntchito, ndipo ndikafika pa tepi ya a Mbewe ndichedwapo, chifukwa ena mwa inu nkhaniyi munaimva kwa anthu, ndipo munaimva yokhota.

M'ma 1970: Pansi pa Chikhutu

Ntchito yanga yoyamba inali pa situdiyo ina ya mpingo ku Lilongwe, yomwe inkajambula makwaya ndi maulaliki. Ananditenga chifukwa ndinkatha kukonza mawailesi. Bwana wathu anali mzungu wina wowonda, wosaseka, amene tinkamutcha Chikhutu, ndipo dzinalo ankalidziwa bwino. Mwezi woyamba sanandilole ngakhale kukhudza makina. Ankandikhazika pampando pakati pa masipika awiri n'kuika malekodi a nyimbo za kwawo, zija za mavayolini ambirimbiri ndi kwaya yaikulu, zopanda ng'oma, zoti nyimbo imodzi tiyi mpaka kuzizira. Ine ndinkangosinza, n'kumadzifunsa ngati ndabwera kudzagwira ntchito kapena kudzakhala pamaliro a azungu.

"Banda, tseka maso," ankatero ndi Chichewa chake chouma. "Woimba chitoliro wakhala pati?"

"Ali mu sipika, bwana."

"Mu sipika mulibe munthu. Mveranso."

Ndinamvera mpaka kutopa. Koma tsiku lina ndinamumva munthu wachitoliro uja. Anali kumanzere, kumbuyo pang'ono kwa oimba mavayolini, ndipo asanaimbe ndinamva akukoka mpweya. Ndinatsegula maso ndi mantha, poganiza kuti wina walowa m'chipindamo. Chikhutu sanandiyamikire. Anangoti, "Ntchito yathu ndi imeneyo. Munthu akamvera tepi yako adziwe pomwe aliyense anaima ndi pomwe anapumira. Zikapanda kutero, wajambula phokoso."

Anali munthu wovuta, ndisakunamizeni. Timitu tachitsulo ta makina, tomwe tepi imakhudza podutsa, ankafuna tizipukutidwa ndi thonje ndi sipiliti m'mawa uliwonse, ngakhale dzulo lake makinawo asanagwire ntchito. Tepi tinkadula ndi lezala n'kulumikiza ndi pulasitala wake, ndipo akamva pomwe walumikiza, unkayambiranso. Mnzanga wina anachotsedwa ntchito chifukwa chogwira tepi ndi zala zamafuta a mandasi. Tinkamuda bwanayo tonsefe. Koma khutu lomwe ndadyera moyo wanga wonse anandipatsa ndi iyeyo, ndipo ndi khutu lomwelo lomwe linadzandizunza nditakalamba.

Kumayambiriro kwa m'ma 1980: Kwaya ya a Mbewe

Ulendo wanga woyamba wojambula ndili ndekha unali wa kwathu kuno. Ku mpingo wina kunja kwa boma la Salima kunali mphunzitsi wa pulayimale, a Jailosi Mbewe, amene anapeka nyimbo yaitali ya mawu anayi yonena za masautso ndi imfa ya Ambuye. Analibe piyano. Ankalemba do re mi pabolodi ya m'kalasi ana akaweruka, kwaya n'kuloweza, m'mawa n'kufufuta kuti alembepo masamu. Nyimboyo inkayamba ndi amuna okhaokha, kenaka kwaya yonse, ndipo kumapeto kwenikweni onse ankakhala chete n'kusiya mayi mmodzi akuimba yekha, ngati mayi wa Ambuye ali patsinde pa mtanda. Woimba gawo limenelo anali akazi awo a Mbewe, a Esinati Naphiri.

Inali nyengo yadzuwa. Tchalitchi chake chinali cha malata, ndipo dzuwa likangokwera malatawo ankathetheka ngati chimanga chokazinga. Tsiku loyamba ndinataya tepi yonse chifukwa cha denga limenelo. Ndinawauza kuti tiyambe m'mamawa, malata asanatenthe. Jenereta ndinakaiika kuseri kwa chulu, akuluampingo anathamangitsa mbuzi, ndipo amayi a nyumba zoyandikana anavomera kuti asasinje kufikira titamaliza.

A Naphiri anali mayi wamfupi, wogulitsa usipa wouma pamsika, woseka ndi thupi lonse, ndipo anali ndi pakati poonekera. Nditawaimika patsogolo pa maikolofoni, anaiyang'ana n'kunena kuti, "Achimwene, kachitsulo aka kakachenjera kajambula anthu awiri lero. Mnzangayu sakugona m'katimu." Kwaya yonse inaseka. Ndinawabweza kumbuyo masitepe angapo kuti mawu awo asakanikirane ndi mpweya wa m'tchalitchimo. Atayamba kuimba ndinaiwala kuyang'ana singano za makina. Mawu awo sanali aakulu. Anali oonda, owongoka, osanjenjemera, ndipo pakati pa mizere ndinkamva akukoka mpweya movutikira chifukwa cha mwana uja. Nditabwerera ku Lilongwe, Chikhutu anaimvera yonse, n'kuvula magalasi, n'kunena kuti, "Iyi usaikhudzenso." Pa zaka zonse zomwe ndinagwira naye, kumeneko ndiko kunali kundiyamikira kwake.

A Naphiri anamwalira pobereka mvula itangoyamba. Mwanayo, wamkazi, anakhala moyo, ndipo anamutcha Chisoni. Kunyumbako kunalibe chithunzi cha mayiwo ngakhale chimodzi. Ndinawapangira a Mbewe kaseti, ndipo anaimvera mpaka wailesi yawo inaitafuna, Chisoni asanayambe n'kulankhula komwe.

Kumapeto kwa m'ma 1980: Zaka za kusowa

Chikhutu anabwerera kwawo, ndipo pampando pake panakhala a Kamzati, omwe kale anali ku ofesi. Sanali munthu woipa, koma anafika nthawi yoipa. Matepi atsopano anasiya kubwera kuchokera kunja. Thonje tinkapempha kuchipatala. Sipiliti atasowa tinayesa kachasu, ndipo pa situdiyo ya mpingo tinkamubisa m'botolo la mankhwala a chifuwa. Kenaka kunabwera lamulo lakuti matepi akale afufutidwe kuti tijambulirepo maulaliki atsopano. Tinali ndi chimaginito china chachikulu, ukaikapo tepi chimangong'ung'udza pang'ono, zonse zomwe zinalipo n'kutheratu. Ntchito imeneyo anandipatsa ine. Ndinafufuta makwaya a ku Dedza ndi ku Nkhotakota, ndinafufuta agogo oimba bangwe omwe anali atamwalira kale, ndinafufuta nyimbo za opalasa ngalawa ku Mbenji zomwe ndinakajambula ndekha ndikusanza m'bwato. Pa ntchito zonse zomwe ndinagwira, palibe yomwe inandidwalitsa mtima ngati imeneyo.

Tepi ya a Mbewe itafika pamzere, sindinathe. Ndinatola tiziduswa ta matepi m'bini, n'kutilumikiza ndi lezala ndi pulasitala mpaka tinakwana tepi yathunthu, n'kupita nazo zonse ziwiri kwa a Kamzati.

"Bwana, iyi ndi yoti abusa alalikirepo. Iyi ndikupempha isafufutidwe."

"Muli chiyani m'menemo, a Banda?"

"Muli mayi amene anatisiya. Kwina kulikonse kulibe mawu ake."

Anaitembenuza tepi yolumikizalumikiza ija, n'kuona mabala ake onse, n'kupumira m'mwamba. "Tengani. Koma isagone muno. Ikakhala pashelefu, mawa mukadwala wina aiika pachimaginito."

Umo ndi momwe tepiyo inafikira m'sutikesi yanga yachitsulo.

M'ma 1990 kufikira kupuma

Za zaka izi palibe zambiri. Ananditumiza ku Mzuzu, kenaka ku Blantyre. Kunabwera makompyuta, makwaya n'kuyamba kujambulitsa ndi kiyibodi m'tizipinda ta m'tauni, aliyense kuimba payekhapayekha wina n'kudzawaphatikiza pambuyo. Nyimbo zimenezo ukatseka maso supeza pomwe munthu waima. Situdiyo yathu inatsekedwa, ndipo potsanzikana anandipatsa makina akale a matepi, poti panalibe wina wowafuna. Lamba wake anali atadukaduka. Sutikesi ija nthawi yonseyi inali kuno ku Chipoka kwa alongo anga, pansi pa malata, m'chinyontho cha kunyanja. Chipinda chozizira chosungiramo matepi ndinkangochimva m'nkhani za Chikhutu.

Zaka zapitazi

Ndinakumana ndi a Mbewe pamzere kuchipatala cha paboma. Ine ndinapita kukayezetsa magazi, iwo anali atangouzidwa kuti azikadikira kunyumba, nthenda ya chiwindi yafika poti mankhwala sangathandize. Maso awo anali achikasu, miyendo yotupa. Tinazindikirana ndi mawu, osati nkhope. Titangopatsana moni anandigwira dzanja n'kufunsa, "Ija ilipo?"

Ndinati ilipo. Nditafika kunyumba ndinatsegula bokosi lake, ndipo fungo lokha linandiuza zoipa. M'mbali munali chuku choyera, ndipo nditakweza nsonga ya tepi inamata chala. Ndikufotokozereni kuti mumvetse. Tepi ndi pulasitiki yopakidwa fumbi lofiirira, ndipo mawu amakhala m'fumbi limenelo. Chinyontho chikalowa, guluu wogwira fumbilo amafewa. Ukaiika pamakina, timitu tachitsulo tija timapala fumbilo pamene ikudutsa. Imaimba ndithu, koma ikuimba ikufa, ndipo kumbuyo kumatsala pulasitiki yokha. Chinanso, ife tinaphunzitsidwa kusunga tepi mapeto ali kunja. Choncho gawo lomwe linamwa chinyontho kwambiri linali lomaliza, la a Naphiri.

Chisoni tsopano ndi mayi wamkulu, mphunzitsi wa sekondale ku Lilongwe. Atamva kwa bambo ake kuti tepi ilipo, anafufuza mpaka anapeza anthu ena osonkhanitsa nyimbo zakale, omwe amatumiza matepi otere kunja. Anabwera yekha kuno ku Chipoka, nkhope ili ngwee.

"Ankolo, akuti amaiumitsa pang'onopang'ono mu uvuni wake wapadera, guluu uja n'kugwiranso. Kenaka amaisamutsira pakompyuta mosataya kanthu, kuposa CD. Akuti mpaka kupuma kwa munthu kumamveka."

"Ndikudziwa, mwana wanga. Kupumako kulimo, ndinakuikamo ndine. Akuti zitenga nthawi yaitali bwanji?"

"Pali mzere. Mwina miyezi isanu ndi umodzi, mwina chaka."

"Bambo ako wawaona?"

Chisoni anati, "Ankolo, ababa mayi anga anakhala nawo. Anawamva akuimba, akuseka, akukalipa. Ine sindikudziwa ngakhale momwe ankaitanira nkhuku. Ndili ndi ana omwe amandifunsa za agogo awo. Mukaiika pa makina anuwo, mwatiphera tonse."

Sananame ngakhale liwu limodzi. Mawa lake ndinakwera minibasi kupita kwa a Mbewe kukawafotokozera zomwezo. Ndinawapeza atagona pamphasa pakhonde, mtsamiro uli kumsana. Anamvetsera zonse, za uvuni, za kunja, za miyezi, kenaka anaseka mopanda mphamvu.

"A Banda, fodya wako ndi amene ali pamphuno. Miyezi imeneyo muziwerengera inu, ine ndilibe. Nyimbo ija ndinaipeka ndine, koma yandithawa m'mutu. Ndikatseka maso nkhope ya Esinati imabwera, mawu sabwera. Ndikafika kumeneko akandiitana, ndimuzindikira bwanji?"

"Chisoni naye akufuna amve mayi ake, aphunzitsi."

"Abwere adzamve pamodzi ndi ine. Kapena akufuna adzamvere pamanda panga?"

Apa ndiye ndinagwira njakata. Onse awiri anaisiya nkhaniyo m'manja mwanga, poti tepi ndi makina zinali kwa ine. Khutu langa linkati tumiza. Moyo wanga wonse ndinaphunzitsidwa kuti tepi yoyambirira siiseweretsedwa, ndipo ine amene ndinafufuta mawu a anthu ambiri chotero ndinkadziwa kuwawa kwake kuposa aliyense. Ndinkalakalakanso, ndisabise, kuti ntchito yanga yabwino koposa imveke monga ndinaijambulira, anthu adziwe kuti ku Salima kunaimbidwa nyimbo yotere. Koma miyendo ya a Mbewe ndinali nditaiona. Ndinaganiza kuti Chisoni ataya chinthu chomwe sanakhale nacho, pamene mkuluyo akupempha chomwe chinali chake, nyimbo yake ndi mkazi wake. Kaya ndinaganiza bwino, kaya ayi, mpaka lero sindidziwa. Ndinamuimbira Chisoni n'kumuuza kuti tiimvera Loweruka, abwere ndi foni yake yabwino ija tijambulireko zomwe tingathe. Anadula foni osatsanzika.

Ndinene pano kuti musadzandifunse. A Mbewe anatsikira kulichete patangopita masabata ochepa, ndipo tepi ikanapita kunja sikanawapeza. Pamaliro Chisoni anandipatsa moni wa mlendo, n'kunditcha bambo Banda. Zonditcha ankolo zinathera pa Loweruka lija.

Makina ndinawakonza ndi lamba wa makina osokera. Pobowoka polumikizira waya wopita ku chipangizo china panali patadyedwa ndi dzimbiri, ndipo manja angawa akunjenjemera, sangathenso kuwotcherera tinthu ting'onoting'ono. Chotsala chinali sipika ya makina omwewo, foni n'kuimva kudzera mumpweya. Batire ndi invetala tinabwereka kwa wometa tsitsi pa sitolo. Tepi ndinaibweza ndi chala, pang'onopang'ono, osaidutsitsa pa timitu, ntchito ya tsiku lathunthu.

Loweruka ndinafika kwa a Mbewe m'mamawa, malata asanatenthe. Chisoni anali atafika kale, sanandiyang'ane. Tinapachika mabulangete m'makoma ndi pazenera, nkhuku tinazitsekera m'khola, anansi tinawapempha kuti azimitse mawailesi. A Mbewe tinawagoneka pamphasa pafupi ndi makina, chifukwa makutu awo anali atayamba kulemera. Chisoni anaika foni pa mpando waung'ono pakati pa sipika ndi bambo ake. Ndinawauza monga ndinkauzira makwaya, kuti ndikakweza dzanja pasakhale wotsokomola.

Tepi inayamba ndi kulira kwa tswii, ikukanirira pazitsulo, kenaka amuna a besi analowa. Anali iwo ndithu, ataima kumanja komwe ndinawaimika, ambiri a iwo anthu oti anagona kalekale. A Mbewe anayamba kugwedeza chala, kuimbitsa kwaya yawo. Fumbi lofiirira linayamba kugwera pa makina ngati fodya wopera. Mawu akayamba kulowa pansi, ndinkaimika, kupukuta timitu ndi thonje, n'kuyambanso, ndipo poima paliponse mzere umodzi kapena iwiri inkatsalira pa thonjelo. Tepi yotuluka mbali inayo inali yoonekera ngati pepala la shuga.

Kwaya yonse itatsala pang'ono kumaliza, ndinapukuta komaliza. "Apa sindiimikanso," ndinatero. "Zomwe zituluke ndi zomwezo." Ndinakweza dzanja.

Panali kachetechete wa m'tchalitchi muja, kenaka ndinamva munthu akukoka mpweya. A Naphiri anayamba. Mawu anali ofooka, akuzimazima ngati nyali yotha mafuta, koma anali iwo, ataima masitepe angapo kumbuyo kwa maikolofoni. Chisoni anagwira pakamwa ndi manja onse awiri. Mzere woyamba unadutsa bwinobwino. Pa wachiwiri a Mbewe anadzuka pamphasa ndi mphamvu zomwe sindikudziwa kuti anazitenga kuti.

"Esinati! Ndi ameneyo! Esinati, mayo ine!"

Anayamba kulira mokuwa, kenaka kuimba nawo ndi mawu osasa, kulira, kuimbanso, pakamwa pawo pali pafupi ndi foni kuposa sipika. Chisoni anandiyang'ana koyamba tsiku limenelo, maso akundipempha kuti ndiwaletse. Dzanja langa linali m'mwamba. Ndakhazikitsapo chete abusa, mabishopu ndi makwaya a anthu ambirimbiri. Ndinalitsitsa dzanjalo. Nyimbo inatha, nsonga ya tepi n'kumangomenya pa makina mpaka ndinazimitsa.

A Mbewe anagonanso, akupuma mwabefu, misozi ikutsikira m'makutu. Patapita nthawi anati, "A Banda, tabwezani pamene paja. Sindinamve bwino."

Ndinawaonetsa zala zanga, zili bii ndi fumbi lofiirira, ndi tepi yoyera mbee ija. Sanamvetse, kapena anali ataiwala zomwe ndinawauza. Chisoni anatenga foni, n'kufufuza malo ake, n'kuigwirizira pakhutu pa bambo ake. M'chipindamo tonse tinkamva. Munali kupuma kuja, munali mzere umodzi wa mayi ake, ndipo kuyambira pamenepo munali kulira kwa nkhalamba kokhakokha, mawu aang'ono aja akungotulukira apo ndi apo kunsi kwake.

A Mbewe anamvetsera, nkhope ikukwinyika. Kenaka anakankha dzanja la mwana wawo mokwiya.

"Kodi akusokosayo ndani? Tamuuzani akhale chete, ndimve mkazi wanga."